Kuopa milatho kusakulepheretseni ulendo wa campervan ku Scotland

Akonzi,

Tipatseni danga m'nyuzipepala yanu tikambepo nkhani imene ambiri, makamaka abambo, amachita nayo manyazi: kuopa kuyendetsa galimoto pa mlatho. Amalawi ena okhala ku Britain akapeza tchuthi amabwereka campervan, galimoto ija yokhala ndi bedi, mbaula ndi thanki ya madzi mkati, n'kupita kukaona mapiri ndi nyanja za kumpoto kwa Scotland. Ulendo ndi wabwino, koma dzikolo ndi lodukaduka ndi nyanja zolowa kumtunda, ndiye milatho simungaisowe. Dalaivala woopa mlatho akabisa manthawo mpaka atauona patsogolo pake, ali ndi banja lonse kumbuyo, m'pamene pamachitika ngozi. Mlatho uliwonse uyenera kuweruzidwa muli kunyumba, musanalipire galimoto. Ndipo tinene msangamsanga: si mlatho uliwonse woyenera kuuzemba, chifukwa msewu wolambalala nthawi zina umaopsa kuposa mlatho womwe mukuuthawawo.

Yambani ndi kudzifunsa chimene chimakuopsani kwenikweni. Ena amaopa kutalika, kuona madzi ali pansi kutali. Ena saopa kutalika koma kusowa pothawira, kudziwa kuti akalowa sangaime kapena kubwerera mpaka tsidya lina. Enanso vuto lawo ndi kupapatiza, zitsulo mbali zonse kwinaku lole ikubwera kutsogolo. Amene anakwerapo basi ya ku Joni kudzera ku Tete akumbukire zimene anamva m'mimba powoloka Zambezi, ndipo adzifunse kuti chinawagwira ndi chiti mwa zitatuzi. Yankho lake ndi lofunika chifukwa mlatho wa Cromarty wa kumpoto kwa Scotland, womwe ndi wautali koma wogona pafupi ndi madzi, sungamuvute woopa kutalika, pomwe woopa kusowa pothawira ungamutulutse thukuta.

Foni musaidalire. Google Maps imalola kupewa misewu yolipiritsa, misewu ikuluikulu ya motorway ndi mapantoni, koma ilibe batani lopewera milatho. Ena amaganiza kuti akasankha kupewa misewu yolipiritsa ndiye kuti milatho ikuluikulu yachoka. Ku Scotland zimenezo sizigwira: mlatho wa Skye anasiya kulipiritsa mu 2004, wa Erskine mu 2006, ya Forth ndi Tay mu 2008, kotero foni imaiona ngati msewu wamba. Gulani buku la mapu a misewu, mutenge cholembera chofiira, mutsate njira yanu ndi chala, ndipo paliponse pamene msewu wadutsa pa mtundu wa buluu muzungulize. Kenako mlatho uliwonse muuwoloke pa Street View (zithunzi za msewu za mu Google Maps) kawiri, kupita ndi kubwera, mukuyang'ana kutalika kwa zotchinga za m'mbali, kukula kwa msewu, ndi malo omaliza oimikapo galimoto musanafike. Njira mukaisankha, ikakamizeni foni poika matauni a pakati ngati malo oima. Mukangolemba kumene mukupita basi, kapena mukaphonya mphambano imodzi, foni imakonzanso njira mwakachetechete n'kukubwezerani pa mlatho womwe uja. Mapuwo muwasungiretu mu foni chifukwa kumpoto netiweki imasowa m'malo ambiri.

Galimoto yakenso ndi nkhani. Campervan yaing'ono ya mtundu wa VW Transporter imatalika mamita 5 kapena kupitirira pang'ono, m'lifupi mamita osakwana 2, ndipo denga lake lili pafupifupi mamita 2 kuchokera pansi. Zikuluzikulu zija zooneka ngati bokosi zimafika mamita 7, m'lifupi 2.3, denga pafupifupi mamita 3. Kwa woopa milatho, yaing'ono ndiyo yoyenera ngakhale mugone mothinana. Yaikulu ili ngati chitseko choimika pamphepo, komanso mpando wake ndi wokwera moti maso anu amadutsa pamwamba pa chotchinga cha mlatho n'kuona madzi amene muli m'galimoto yaing'ono simukanawaona. Ichi ambiri amachidziwa atafika kale pakati pa mlatho. Katundu wolemera, monga mabotolo a madzi, mpunga, ufa ndi miphika, aikeni pansi pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo, osati m'makabati a m'mwamba. Thanki ya malita 100 ikadzaza ndi makilogalamu 100, ndiye pa ulendo wautali thirani ochepa, mukadzaze kumene mukagone. Onaninso mpweya wa m'matayala asanatenthe, chifukwa tayala lofewa limapangitsa galimoto kuyendayenda yokha, ndipo dalaivala wamantha amayesa kuti ndi mlatho ukugwedezeka. Kutalika kwa galimoto kuchokera pansi mpaka denga kulembeni pa kapepala m'mamita ndi m'mafiti, mumate pafupi ndi chiwongolero. Misewu yolambalala imadutsa pansi pa milatho ya sitima, ndipo inshulansi ya obwereketsa ambiri silipira denga likaphwanyika.

Tsopano njira yeniyeni. Wochokera ku England pa msewu wa M74 akalemba Loch Lomond kapena Fort William, foni kawirikawiri imamutengera pa mlatho wa Erskine, wa 1971, wotalika kupitirira kilomita, wokwera kwambiri pamwamba pa mtsinje wa Clyde. Wochokera ku Edinburgh nthawi zina imamutengera pa mlatho wa Queensferry Crossing, wa 2017, wa makilomita 2.7. Yonse iwiri imazembeka ndi tauni imodzi: Stirling. Kuchokera pa M74 tengani M73 kenako M80, ndipo kuchokera ku Edinburgh khalanibe pa M9 osapatukira ku M90. Ku Stirling mtsinje wa Forth ndi waung'ono, mumauwoloka osazindikira n'komwe. Poti mudzakhala pa M74, Blantyre wa ku Scotland, kumene kunabadwira David Livingstone mu 1813, ali pafupi ndi msewuwo, ndipo ndi malo abwino opumirapo n'kusinthana chiwongolero. Kuchoka ku Stirling, A84 ikufikitsani ku Callander, A85 ku Crianlarich, ndipo A82 idutsa chipululu cha Rannoch Moor n'kutsikira ku Glencoe. Timilatho ta m'njira imeneyi ndi tatifupi.

Pa mlatho wa Ballachulish, pa A82 mukangodutsa Glencoe, m'pamene pafunika kukhala pansi n'kuganiza. Mlathowu, wa 1975, ndi wa zitsulo zopingasa mbali zonse ndi pamwamba, ngati khola, magalimoto opita ndi obwera akudutsana pafupi. Si wautali, masekondi 30 mwatuluka. Njira yozemba ilipo: B863 yozungulira nyanja ya Loch Leven kudzera ku Kinlochleven, pafupifupi makilomita 25. Pa mapu imaoneka yokoma. Koma gawo la kumwera, kuchoka ku Glencoe, limakwera m'mbali mwa phiri, limakhotakhota, ndipo nyanja imakhala pansi kumanzere kwanu, mbali yomwe mukuyendayo. Walira mvula walira matope. Woopa kupapatiza azungulire ndithu, apeza mpumulo. Woopa kutalika adzakhala mphindi zambiri akuona chimene pa mlatho akanachiona theka la mphindi, ndiye kwa iye kuli bwino kuwoloka, kapena kupereka chiwongolero kwa mnzake asanatuluke m'mudzi wa Ballachulish. Amene akufuna kupita ku Oban kuchokera kumeneku adziwenso za mlatho wa Connel pa A828. Unali wa sitima, ndi wa zitsulo zakale, umalola mbali imodzi pa nthawi ndi maloboti, ndipo pansi pake madzi amathamanga mwaukali nyanja ikamaphwa. Kudikira loboti uku ukuuyang'ana n'kumene kumamaliza anthu ambiri mphamvu.

Chisumbu cha Skye chili ndi makomo atatu. Mlatho wake, wotsegulidwa mu 1995, uli ndi linunda: mumakwera osaona tsidya lina, kutsogolo kuli thambo lokha, kenako n'kutsika. Kwa woopa kutalika ndi umodzi mwa yovuta, ngakhale gawo lokweralo silifika mphindi imodzi. Khomo lachiwiri ndi pantoni ya kampani ya CalMac yochoka ku Mallaig kupita ku Armadale, ulendo wa pakati pa mphindi 30 ndi 45, ndipo ku Mallaig mumafika pa A830 kuchokera ku Fort William. Malo muwasungitsiretu masabata angapo nthawi yotentha, kupita ndi kubwera komwe. Apa ambiri amalakwa: amagula tikiti yopita yokha, pobwerera n'kupeza pantoni yadzaza, ndipo chotsala ndi mlatho. Polembetsa nenani kutalika kwenikweni kwa galimoto kuphatikiza njinga ngati mwazimangirira kumbuyo, nenaninso kuti muli ndi botolo la gasi, ndipo mulitseke musanakwere. Pokwera ndi potsika pitani pang'onopang'ono chifukwa galimoto yaitali kumbuyo imakhula pansi madzi akaphwa. Dziwaninso kuti mphepo ikakula pantoni imaimitsidwa, ndipo tsiku lomwelo mlathonso umakhala woipa, kotero siyani tsiku limodzi lopanda pulogalamu kuti mutha kungogona n'kudikira. Khomo lachitatu ndi kapantoni ka ku Glenelg, kotenga magalimoto 6, koyenda nthawi yotentha yokha. N'kokongola, koma msewu wofika kumeneko umakwera phiri la Mam Ratagan, ndipo tsidya linalo ndi wopapatiza ndi wotsetsereka. Sitingalangize munthu wamantha, ali pa galimoto yobwereka, kuti adzere kumeneko.

Kumpoto kwa Inverness msewu wa A9 uli ndi milatho itatu motsatizana: Kessock wa 1982, wa mamita 1,056, wokwera ndi wopachikidwa pa zingwe, Cromarty wa 1979, ndi Dornoch wa 1991. Apa kuzemba n'kotchipa. Tengani A862 kuchoka mu Inverness kudzera ku Beauly ndi Dingwall, mukalowanso A9 pa raundabauti ya Ardullie mutadumpha Kessock ndi Cromarty pamodzi, mutangowonjezera mphindi 20 kapena 30 pa msewu wa m'chigwa. Chenjerani pa raundabautiyo kuti mulowere kumpoto, chifukwa mkono wina umakubwezerani pa Cromarty penipeni. Dornoch mumauzemba pa A836 kudzera ku Ardgay, kuwoloka kamlatho kakafupi ku Bonar Bridge, n'kubwerera pa A949.

Mlatho wa Kylesku, kumadzulo pa A894, ndi wosiyana. Unatsegulidwa mu 1984, ndi wa mamita 276, wokhota, wokwera, ndipo pafupi palibe njira ina. Kuuzemba ndiye kuti kulowa mkati mwa dziko pa A838 mpaka ku Lairg n'kubwerera kumadzulo pa A837, makilomita oposa 100, ambiri mwa iwo pa msewu wokwana galimoto imodzi. Pa liwiro la makilomita 50 pa ola, mlathowo ndi masekondi 20. Maganizo athu ndi akuti uwu ndi wofunika kuukonzekera, osati kuuthawa. Pali malo oimikapo magalimoto pafupi, ndiye imani, tsikani, muuone magalimoto ena akuwoloka, musankhe amene ayendetse. Mukasankhabe kuzungulira, dzazani dizilo kaye, ndipo pa misewu yopapatizayo malo opatukirapo ndi opatsirana njira, si oimikapo kuti mujambule zithunzi. Lowani a kumanzere kwanu okha. Akakhala kumanja, imani moyang'anana nawo kuti winayo alowemo, ndipo galimoto ikakutsatani pafupi ipatseni njira idutse. Kuthamangitsidwa ndi wa kumbuyo kumawonjezera mantha kuposa china chilichonse.

Mphepo ndiyo imasandutsa mlatho wabwinobwino kukhala woopsa, ndipo apa mantha anu ali ndi chifukwa. M'mawa uliwonse onani za nyengo pa Met Office ndi za misewu pa Traffic Scotland, kumene amalengeza mlatho ukatsekedwa kwa magalimoto aatali m'mwamba. Pa za nyengo pamakhala manambala awiri, liwiro la mphepo la nthawi zonse ndi la mphepo yowomba mwadzidzidzi. Lachiwirilo ndilo lanu. Likayandikira mamailosi 40 pa ola, omwe ndi makilomita 64, dalaivala wosazolowera campervan asakwere mlatho wautali tsiku limenelo ngakhale uli wotsegula. Galimoto imakankhidwa kwambiri malo atatu: potuluka kuseri kwa phiri kapena mitengo kulowa pa mlatho, podutsa chipilala chachikulu pamene mphepo imaduka n'kubweranso, ndi pamene lole yakupitirirani. Mukadziwiratu malo atatuwa simudzidzimuka. Chodabwitsa n'chakuti Queensferry, umene ambiri amauopa chifukwa cha kukula, uli ndi zotchinga mphepo zazitali m'mbali monse, ndiye galimoto imayendapo mokhazikika kuposa pa milatho ina yaing'ono.

Nanga kusinthana chiwongolero? Ndi njira yabwino, koma dalaivala wachiwiri alembedwe pa pepala la obwereketsa tsiku lotenga galimoto, ndipo aonetse laisensi yake. Akayendetsa wosalembedwa, ngakhale mamita 300 okha, inshulansi palibe. Laisensi wamba ya galimoto yaing'ono imalola mpaka makilogalamu 3,500. Ya ku Malawi imagwira ntchito ku Britain miyezi 12 yokha, ndipo obwereketsa ena ali ndi malamulo awoawo pa malaisensi akunja, ndiye funsani musanalipire. Malo osinthirana muwalembe pa mapu, akhale makilomita angapo mlatho usanafike. Pa motorway simuloledwa kuima m'mbali kuti musinthane, ndipo pa misewu yolowera ku Queensferry kapena Erskine mukadutsa potulukira pomaliza, basi mwalowa.

Tsiku loti muwoloke nokha, likonzeni. Pitani m'mawa magalimoto asanachuluke, mutagona bwino, mutadya, khofi kapu imodzi yokha chifukwa wambiri amathamangitsa mtima ndipo thupi limayesa kuti mantha ayamba. Ana auzidwe kuti pa mlatho pasakhale kukuwa kuti taonani madzi. Wokhala pambali panu asamafunse kuti muli bwanji sekondi iliyonse, angoyankhula nkhani wamba kapena aziwerenga mokweza masekondi otsala. Kudziwa nambala kumathandiza: Kessock pa makilomita 80 pa ola ndi masekondi osakwana 50, Queensferry mphindi ziwiri. Sankhani giya musanalowe kuti dzanja lisachoke pa chiwongolero. Gwirani ndi manja awiri koma osafinya, chifukwa mikono youma imakokera galimoto uku ndi uku. Maso akhale patali kutsogolo, pa msewu kapena kumbuyo kwa galimoto imene mukuitsata, ndipo musiye mpata wa masekondi 4. Galimoto imapita kumene maso apita, ndiye woyang'ana chotchinga amayandikira chotchingacho. Khalani mu mzere wa kumanzere pa liwiro limodzi. Kutsika mpaka makilomita 20 pa ola kumatalikitsa mavuto anu, ndipo kumapangitsa a kumbuyo kuliza mahutala.

Mantha akafika pakati, mudzamva mtima kugunda, manja kuchita dzanzi, mutu kupepuka ngati mukomoka. Dzanzilo ndi kupepuka mutuko zimabwera chifukwa chopuma mofulumira, ndiye mankhwala ake ndi kutulutsa mpweya pang'onopang'ono: kokani mukuwerenga mpaka 4, tulutsani mpaka 6, tsegulani zenera pang'ono ngati kulibe mphepo yambiri. Kukomoka ndi mantha otere sikuchitika kawirikawiri, chifukwa mtima umakhala ukupopa kwambiri. Choopsa n'kuponda buleki mwadzidzidzi kapena kuima pakati pa mlatho. Pitirirani, mukaime pa malo oyamba otetezeka tsidya lina, mutsike, muyende pang'ono, ndipo musanyamuke mpaka miyendo italeka kunjenjemera. Amene ali ndi matenda a mtima, a shuga kapena a khunyu, kapena amene anakomokapo kale, ameneyo aonane ndi dokotala asanakonze ulendo, chifukwa nkhani yake si ya mantha okha.

Za kamowa kolimbitsa mtima iwalani. Ku Scotland malire a mowa ndi mamiligalamu 50 pa mamililita 100 a magazi kuyambira mu 2014, pomwe ku England ndi 80, ndipo botolo limodzi likhoza kukuwolotsani malirewo. Mapilitsi ogonetsa mtima monga diazepam amachedwetsa maso ndi miyendo, ndipo opatsidwa ndi mnzanu angakuikeni m'manja mwa apolisi. Chimene chimachiza mantha amenewa ndi kuwazoloweretsa pang'onopang'ono, ndipo dokotala wanu wa NHS (zipatala za boma ku Britain) angakutumizeni kwa alangizi odziwa njira imeneyi. Kuzemba mlatho uliwonse kumapatsa mpumulo lero koma mantha amanenepa, mpaka munthu amayamba kuopa ndi kamlatho ka pa mtsinje wa kwawo. N'chifukwa chake miyezi iwiri ulendo usanafike muyambe ndi mlatho waufupi wa pafupi ndi kwanu, pa galimoto yanu, kasanu kapena kakhumi mpaka ukutopetseni, kenako wokulirapo. Wophunzitsa kuyendetsa amene galimoto yake ili ndi mabuleki mbali zonse angakutengeni ola limodzi kapena awiri pa mlatho umene mukuuopa.

Pa ulendo weniweniwo, malo abwino oyeserera ndi milatho ya pa ngalande ya Caledonian Canal, imene imatembenuka kuti maboti adutse. Ili ku Banavie pa A830, komanso ku Laggan, Aberchalder ndi Fort Augustus pa A82. Ndi yaifupi, ili pafupi ndi madzi, ndipo mumaiwoloka pang'onopang'ono. Muziyendetsa nokha pa imeneyi, mnzanu atenge Skye ndi Kylesku. Mukapeza chotchinga chatsika ndipo loboti yofiira yayaka, zimitsani injini, chifukwa maboti angatenge mphindi 10 kapena kuposa kuti adutse onse.

Ndife,
Amalawi ena oyendetsa ndi ophunzitsa kuyendetsa magalimoto,
Scotland